Ngolo Yaifupi ndi Denga la a Nankhoma

Panali munthu wina, mlimi wa fodya ndi soya, amene ankadziyesa wochenjera kuposa anzake. Dzina lake sindikuuzani. Si kuti ndaliiwala ayi, koma nkhani yake ndi yochititsa manyazi, ndipo ine ndikamaifotokoza manyaziwo amandigwira ngati zachitika dzulo.

Munthuyu anali ndi amayi ake okalamba, a Nankhoma, amene amuna awo anamwalira kalekale. Nyumba yawo yaudzu inagwa ndi mvula ya mu Febuluwale, ndipo kuyambira pamenepo ankagona m'kakhitchini, mutu kumafuwa, miyendo kumene zimagona nkhuku. Kwa amayi akewo munthu uja sanali woipa mtima, tisamunamizire. Anaumba njerwa, anaziotcha, anaitana mmisiri, ndipo pofika mu Seputembala nyumba ya zipinda ziwiri inali itaima, yangotsala denga. Tsiku lina ananjuta pakhomo pa kakhitchini kaja nalonjeza kuti mvula ya chaka chimenecho idzawapeza pansi pa malata. A Nankhoma chibadwire anali asanagonepo m'nyumba ya malata. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ankasesa m'nyumba yopanda denga ija ngati mukukhala kale anthu.

Mmisiri anayeza zipupa ndi chingwe chake nanena kuti pakufunika malata makumi awiri, lililonse lotalika mafiti khumi ndi awiri. Analemba pa kapepala. Malata otere ankapezeka pamsika waukulu, ulendo wa theka la tsiku pa ng'ombe, kupita ndi kubwerera. Pakati panali dambo, ndipo potuluka m'dambomo kulowera kumudzi panali chitunda chimene eni galimoto ankachikana ngakhale uwalonjeze chiyani. Tsono pankafunika ngolo. Ng'ombe ziwiri zapagoli anali nazo, zonenepa bwino, koma ngolo imene anasiya bambo ake inali itatha kale, nkhuku zikuikiramo mazira.

Anapita kwa wowotcherera zitsulo wa pamsika paja, mkulu wa maso ofiira ndi moto wa ntchito yake, wosakonda zolankhulalankhula. Panja pa shedi yake panali ngolo ziwiri zatsopano. Ina inali yaifupi, ya mbali zazitali, yopaka penti yobiriwira, ndi kampando kutsogolo. Inayo inali yaitali, yathyathyathya, yopanda penti, matayala ali pakatikati, m'mbali muli zipilala zomangirapo katundu. Kuiona inali ngati thandala loyanikapo mbale limene wina walivalika matayala. Pa mtengo ngolo ziwirizi sizinasiyane kwenikweni.

Wowotcherera uja anali ndi funso limodzi kwa aliyense wodzagula. Sankafunsa kuti mwatenga zingati. Ankafunsa kuti, "Katundu wamtali kuposa yense amene mudzanyamule ndi chiyani?" Ankati ngolo siyezedwa ndi katundu wa tsiku ndi tsiku, imayezedwa ndi wamtali uja wobwera kamodzi pachaka. Thumba limakhala paliponse, koma lata silipinda maondo.

Yankho munthu uja ankalidziwa. Kapepala ka mmisiri kanali m'thumba la malaya ake, pamtima penipeni. Koma anayang'ana kumbali nayankha kuti, "Matumba a chimanga ndi mabelo a fodya basi."

Wowotcherera anapukuta manja pa ovolosi yake namuyang'ana nthawi yaitali. "Ndimayesa ndinu mukumangira amayi anu nyumba?"

"Za malata ndiona."

Mukhoza kudabwa kuti munthu wanzeru zake anganamirenji pa chinthu chogula yekha. Dikirani ndikuuzeni, pakuti mutu wa nkhani uli pomwepa.

Kwathu kuno ngolo yaitali si ya mwini wake, ndi ya mudzi. Munthu akadwala mwakayakaya amamugoneka pa matilesi m'ngolo kupita naye kuchipatala. Akamwalira, bokosi limayenda pa ngolo yomweyo. Mitengo ya tchalitchi, mitengo ya chisakasa cha pamaliro, matabwa a sukulu, zonsezo zimadziwa khomo la mwini ngolo yaitali. Ndipo pa matenda ndi pa maliro sulipiritsa, sukananso. Ukangokana, dzuwa lisanalowe dzina lako lanunkha mudzi wonse. Munthu uja anakula akuziona zimenezi. Ngolo ya bambo ake inali yaitali, ndipo sinkagona pakhomo masiku awiri otsatizana. Ng'ombe zawo zinali zowonda, nthiti zochita kuwerengeka, chifukwa cha maulendo a eni. Chaka china chimanga chawo chinanyowa m'munda ngolo ili kumanda a mudzi wina. Iye akadali mnyamata analumbira mumtima kuti zopusa ngati za bambo akezo sadzachita.

Tsono ataima pa shedi paja anapeza nzeru. Kukana ndi pakamwa sangakane, koma ngolo ikakhala yaifupi idzakana yokha. Matilesi sadzakwana. Bokosi silidzakwana. Iye adzangoti pepani, nkhope ili yachisoni, ng'ombe zake zili m'khola kubzikula. Za malata a amayi ake anadziuza kuti ndi ulendo umodzi wokha, ndipo ulendo umodzi munthu amangomanga zolimba.

Anagula yobiriwira ija, nakhala pa kampando, nalowa m'mudzi akuimba mluzu. Yaitali ija anadzaigula a Kamchacha, mkulu wolima mbatata kumapeto kwa mudzi. A Kamchacha analibe ng'ombe zolingana. Ankamanga nkhunzi yaikulu pamodzi ndi kang'ombe kakakazi, moti goli linkayenda chopendekeka. Munthu uja ankati akaona thandala lija likudutsa ankaseka mpaka misozi, nkumauza anzake kuti a Kamchacha agula ntchito yopanda malipiro.

Nzeru yake sinachedwe kubala zipatso. Sabata isanathe kunabwera mayi wina akuthamanga, mpango uli m'manja. Mwamuna wake anali atagwa kuchokera pamwamba pa chigafa cha fodya, ndipo sankatha kukhala tsonga. Munthu uja sanazengereze. Anatulutsa ngolo yekha, nauza anthu kuti abwere ndi matilesi. Matilesi atabwera anakana kulowa. Anawatembenuza uku, anawapinda uku, koma munthu wothyoka msana sungamupinde. "Pepani kwambiri, mayi," anatero munthu uja. "Ngoloyi yachepa." Mayiyo anatembenuka. Anathamangira kumapeto kwa mudzi, ndipo posakhalitsa goli lopendekeka lija linadutsa, wodwala atagona chotambalala.

Kenaka kunagwa maliro a nkhalamba ina. Adzukulu, anthu okumba manda aja, anabwera kudzapempha ngolo yoti ikatenge bokosi kwa kalipentala. Mkulu wawo anali ndi bango limene anayezera mtembo. Analigoneka m'ngolo yobiriwira ija, ndipo bango linatulukira kumbuyo mkono wathunthu. Anayang'ana bango, anayang'ana ng'ombe zonenepa zija, kenaka anayang'ana mwini wake.

"Maliro nkulirana, bambo," anatero, natola bango lake.

Apa ndi pamene ndimafuna kudumpha ndikamafotokoza, koma ndikadumpha ndiye kuti ndanama. Tsiku limenelo munthu uja anakondwa. Anapita kumaliro, anakhala pakati pa amuna anzake, anaimba nawo nyimbo, koma mumtima ankadziombera m'manja. Pobwerera anadutsira kukhola nasisita ng'ombe zake pamsana. Ankayesa kuti wapusitsa mudzi wonse. Sanadziwe kuti m'mudzi palibe amene anapusa. Anthu anaiona nzeru yakeyo tsiku loyamba, anangosankha kukhala chete. Amayi ake nawonso anamva zonse kuchitsime. Anapitiriza kusesa nyumba yawo.

Kumapeto kwa Okutobala kunja kunayamba kutentha kwa mvula. Mitambo inkasonkhana masana nkubalalika madzulo. Mmisiri anatumiza uthenga kuti mitengo ya denga wakhoma kale, akungodikira malata, ndipo sabata yamawa ali ndi ntchito kwina. Munthu uja analawirira, namanga ng'ombe, napita kumsika.

Malata anawagula, onse makumi awiri, onyezimira moti ukhoza kudzionerapo nkhope. Vuto linayamba pokweza. Anachotsa chitseko cha kumbuyo kwa ngolo nalowetsa lata loyamba. Theka linalowa, theka linatsala panja likugwedezeka. Wogulitsa anapukusa mutu namuuza kuti malatawo ndi opyapyala, akalendewera chotero safika. Munthu uja anayankha kuti ng'ombe ndi zake, ngolo ndi yake, ndipo msewu amaudziwa.

Nthawi yomweyo anatulukira a Kamchacha. Anali atatsitsa mbatata zawo pamsika, ngolo ili mbee. Anaima, anaona zimene zinkachitika, navula chipewa.

"Achimwene, malatawo akwezeni pa yangayi. Ndikupita komweko, ndipo ilibe kanthu."

Mawu anali amenewo basi, opanda chipongwe, opanda mwambi. Munthu uja akanangoti zikomo, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo ine bwenzi ndilibe chokuuzani lero. Koma anawerengera msanga mumtima. Wobwereka lero mawa amabwereketsa. Komanso kukweza malata pa thandala lija kunali kuvomera pamaso pa anthu a pamsika kuti iye, wochenjera uja, anagula molakwa. Anasankha kuika denga la amayi ake pachiswe kusiyana ndi kutsitsa mutu wake kamphindi.

"Zikomo, achimwene. Yangayi ikwana."

A Kamchacha anavala chipewa chawo nati akadali ndi zogula zina, amupeza m'njira.

Munthu uja anamanga malata ndi zingwe, nawonjezera malegeni. Ngolo inkafuna kugwa chagada chifukwa cholemera kumbuyo, tsono anatola miyala ikuluikulu naunjika kutsogolo, pamwamba pa malata. Kampando kokongola kaja sanakhalepo. Anakhala pa mtengo wokokera ngolo, pakati pa michira ya ng'ombe, kuti thupi lake lithandize miyala. Ananyamuka malata akuvina kumbuyo, akulira ngati mabingu. Pa msewu wosalala zinayenda ndithu, ndipo iye anayambanso kuimba mluzu. Paja amati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Anatsetsereka m'dambo bwinobwino, naoloka. Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene ng'ombe zinayamba kukwera chitunda. Zitafika pakati, miyala ija inayamba kutsetsereka pa malata, umodzi umodzi, kupita kumbuyo. Iye anamva mtengo umene anakhalapo ukumunyamula. Ngolo inagwa chagada, goli linakwera m'mwamba, zingwe za m'khosi zinakanyanga ng'ombe mpaka malilime kunja. Ng'ombe zinabwerera m'mbuyo. Nsonga za malata zinazika m'dothi, ngolo inawakankha ndi kulemera kwake konse, ndipo panamveka phokoso limene munthu uja sanaliiwale mpaka lero. Anadumpha, nadula zingwe ndi mpeni kuti ng'ombe zipume. Atatembenuka anapeza malata onse makumi awiri atapindika pamzere umodzi, penipeni pamene inathera ngolo.

Inali nyengo ya madimba, ndipo m'dambomo munali anthu ambiri akuthirira. Anasiya zitini zawo nabwera. Pakati pawo panali mayi uja amene mwamuna wake anagwa pachigafa. Panalinso awiri mwa adzukulu aja. Munthu uja anaima pakati pa msewu, mpeni uli m'manja, akudikira kuti ayambe kuseka. Akanaseka bwenzi zili bwino, pakuti woseka umatha kumukwiyira. Koma palibe anaseka. Anangoima phee, akuyang'ana malata, ndipo mayi wina anati chapansipansi, "Denga la a Nankhoma."

Anati denga la a Nankhoma, sanati malata a uje. Pamenepo ndi pamene munthu uja anazindikira kuti chimene wapinda si chake.

Posakhalitsa kunamveka kulira kwa matayala, ndipo goli lopendekeka lija linatulukira m'dambo. A Kamchacha anaimitsa ng'ombe, anatsika, anazungulira ngolo yogwa ija kamodzi. Sanafunse kuti zakhala bwanji. Sanakumbutse za mawu awo a pamsika. Anangoti, "Tiyeni tinyamule, kunjaku kukuda mitambo."

Anthu anamasula zingwe. Ananyamula malata awiriawiri, wina kuno wina uko, nawagoneka pa thandala lija. Ngakhale anali opindika, anagona onse, nsonga osatulukira. Mkazi wa mwamuna wothyoka msana uja ananyamula nawo, ndipo lata lina linamucheka chala. Anangoyamwa magazi napitiriza. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga munthu uja ankaudziwa kuyambira ali kusukulu, anaulembapo ngakhale pamayeso nakhoza. Tsiku limenelo ndi limene anaumva.

Analowa m'mudzi dzuwa likadalipo, kuti aliyense aone bwino. Patsogolo panali a Kamchacha ndi malata. Pambuyo panali iye, akuyenda pansi, akukoka ng'ombe zake zonenepa ndi ngolo yobiriwira yopanda kanthu. Njira yochokera kudambo kukafika kwa amayi ake si yaitali, koma tsiku limenelo inamutalikira. Maso ake sanachoke pa fumbi.

A Nankhoma atamva phokoso anatuluka m'kakhitchini. Ataona malata akunyezimira anayamba kuimba nthungululu. Atayandikira anaona mzere wopindika uja, anaona ngolo imene yawanyamula, anaona nkhope ya mwana wawo. Anadukiza kamphindi. Kenaka anapitiriza nthungululu zija, mokweza kuposa poyamba, kuti anthu asaone manyazi a mwana wawo. Zimenezo zinamupweteka kuposa mbama.

M'mawa mwake mmisiri anagoneka malata pa matabwa nayamba kuwawongola ndi hamala. Anawongoka ndithu, koma pamzere paja panatsala timing'alu tating'onoting'ono, toti ukayang'anitsa lata kudzuwa kuwala kumadutsa. Mmisiri ananena mosabisa kuti denga limeneli lidzadontha, ndipo kunali bwino kugula ena. Koma ndalama za fodya zinali zitathera ku njerwa, ku ngolo ndi ku feteleza, ndipo mitambo sinkadikira munthu. Paja mvula ikakuona litsiro sikata. Anakhoma omwewo, namata phula pamzerepo, nasamutsa a Nankhoma m'kakhitchini.

Mvula yoyamba inagwa patapita masiku asanu, yamphamvu, yochezera. Kutacha munthu uja anapita kukaona amayi ake. Ali panja denga linkaoneka bwino. Anaodira, nalowa.

Pansi panali mzere wa ziwiya kuchokera kukhoma ili kukafika kukhoma ilo, m'zipinda zonse ziwiri. Mbale, mapoto, chikho, beseni, ngakhale chivundikiro cha ndowa. Phula linali litakana. Madzi ankagwabe, tho, tho, tho, chiwiya chilichonse ndi kulira kwake. Mphasa anali ataikokera pangodya, ndipo bulangete linali litanyowa mbali imodzi. A Nankhoma anakhala pamphasapo atafunda chitenje.

"Lowa, mwana wanga," anatero. "Wamva mmene amalirira malata mvula ikamagwa? Ine sindinagone, ndimangomvetsera."

Iye anagwada pakati pa mbale zija. Anafuna kunamizira wogulitsa kuti malata ake ndi opyapyala, anafuna kunamizira chitunda, koma mabodza anali atamuthera. Anangoti, "Amayi, ndalakwa."

A Nankhoma anakhuthulira madzi a m'chikho mu beseni, nabwezera chikho pamalo pake. Kenaka analankhula pang'onopang'ono.

"Iwe unkati bambo ako anali opusa. Ndinkakumva. Tsiku lobadwa iwe tinalibe ngolo, ndipo unakhala chopingasa m'mimba. Munthu wa mudzi wina, woti sitinali naye pachibale, anamasula ng'ombe zake pakati pa kulima, anandigoneka pa ngolo yake mpaka kuchipatala. Bambo ako atapeza ndalama zogulira yawo, anapita kwa wowotcherera atasenza matilesi. Anati ayeze ndi amenewo."

Madzi anapitiriza kugwa m'mbale.

Sabata yomweyo munthu uja anabwerera kumsika ndi ngolo yake. Wowotcherera anali atamva kale zonse, pakuti nkhani yotere imafika pamsika mwini wake asanafike. Sanamunyoze. Anapukuta manja pa ovolosi nafunsa funso lake lomwe lija, ngati akumuona koyamba.

"Katundu wamtali kuposa yense amene mudzanyamule ndi chiyani?"

"Munthu wogona," anayankha munthu uja, maso ali pansi.

Wowotcherera anadula ngoloyo kumbuyo, analumikiza zitsulo zina, anasunthira matayala pakati. Inatalika, koma msoko unatsala poonekera, kutsogolo kobiriwira, kumbuyo kwa chitsulo chosapaka. Anafunsa ngati apake penti kuti zifanane. Munthu uja anati ayi, ikhale choncho.

Za denga analonjezanso kuti akangokolola agula malata ena. Analonjeza ndi mtima wonse. Koma mu Januwale a Nankhoma anayamba chifuwa. Sindikunena kuti linali denga, pakuti ngakhale adokotala sananene zimenezo. Ndikungonena kuti mayi wokalamba anagona miyezi iwiri m'nyumba ya chinyezi, akudzuka kukhuthula mbale, ndipo mwana wake amadziwa chimene amadziwa. Chifuwa chitakula anawagoneka pa ngolo yotalikitsa ija kupita nawo kuchipatala. Ndiwo anali katundu wake woyamba wamtali. Matilesi anakwana bwinobwino. Patapita masiku anayi, bokosi linakwananso.

Anthu onse anabwera kumaliro. Adzukulu aja anakumba manda osadandaula. Mayi wa chala chochekeka anaphika nawo. A Kamchacha anatuta nkhuni ndi mitengo ya chisakasa tsiku lonse, goli lili chopendekeka. Palibe ngakhale mmodzi amene anamubwezera munthu uja zimene anachita, ndipo chimenecho ndicho chilango chimene akusenzabe.

Tsono inu abale anga, makamaka inu achinyamata amene mwagulitsa bwino chaka chino ndipo mukuyendayenda kwa owotcherera, mverani. Mukamasankha ngolo, yambani mwayeza katundu wamtali, ndipo musanamize wokufunsani. Koma si ngolo yokha imene munthu amaifupikitsa dala. Ena mwafupikitsa khonde kuti mlendo asakhale, ena mwafupikitsa nthawi yanu kuti wodwala asakupezeni, ndipo mukudziyesa ochenjera chifukwa simunakanepo munthu ndi pakamwa. Mudzi ukukuonani, ungokhala chete. Katundu wa mnzako ndi wako amatalika chimodzimodzi. Chimene wachifupikitsa kuti chikane mnansi sichidziwa nkhope, tsiku lina chidzakana amayi ako.

Dzina la munthu uja ndati sindikuuzani, ndipo sindikuuzani. Koma pobwera muno nonse mwadutsa ngolo ili pansi pa mtengo wa mango panjapo, yobiriwira kutsogolo, yadzimbiri kumbuyo. Ndabwera nayo ndine. Amene ali ndi wodwala kapena malata oti anyamule asavutike nkupempha, angomanga ng'ombe.